Thanthwe la Mayina Atatu

Kalekale, komatu si kale la mauta ndi mikondo ayi, ndi kale loti mafoni a m'manja anali atafika kale, m'tsinde mwa phiri lina lalitali munkakhala mmisiri wa matabwa, a Likaka. Anali munthu wofatsa, woimba mluzu akamapala thabwa. Zikwangwani za m'njira zokwerera phirilo ankapanga ndi iwo: ankaotcha chitsulo pamakala n'kudinda dzina la malo pathabwa, kuti alendo okwera phiri asasochere.

Mwana wawo Esinati anakwatiwa ndi mnyamata wa kuchigwa, Fanuelo, amene anadzakhala chikamwini pamudzipo. Kwawo kwa Fanuelo phiri lalikulu ndi chulu. A Likaka ankamukonda mkamwini wawoyo, kungoti apongozi sayamikirana pamaso. Koma anyamata a m'mudzimo sankamupatsa mpata. Ankati mkamwini wa a Likaka phirili amangolionera patali ngati chithunzi cha pakalendala. Mawuwo anamulasa mtima. Ndiye m'mawa wina, mkazi wake ali woyembekezera, masiku atayandikira, Fanuelo anavala nsapato zake za kutchalitchi n'kuuyamba wa kuphiri yekha, osatsanzika.

M'njira anakumana ndi Jailosi, wonyamula katundu wa alendo, akutsika chikwama chili pamutu. Jailosi anayang'ana nsapato zija n'kupukusa mutu.

"Achimwene, zimenezo n'za paukwati. Mukafika pathanthwe lopendekera kuphompho lija, ife timati pa Kwawabwana. Ngakhale mabwana a mimba zawo amakwawa pamenepo. Musakachite manyazi, kulibe wokuonani."

Fanuelo anangoseka n'kupitirira. Pamwamba anakafika ndithu. Koma pobwerera, masana, kunagwa nkhungu ndi mvula, moti munthu sankaona ngakhale chala chake. Atafika pathanthwe lija analipeza lili noninoni. Anaima, dzina lija n'kumubwerera m'mutu. Anagwada, nayamba kukwawa ngati mwana. Pakati pa thanthwe bondo linaterereka, thupi lonse n'kutsetserekera kuphompho, koma poti manja anali kale pansi, anagwira muzu. Mwendo unathyoka, moyo unatsala. Akanakhala kuti ankayenda choimirira, nkhani ino bwenzi ili ya maliro.

Ndi dzanja limodzi anaimbira mkazi wake. "Ndili pa Kwawabwana, mwendo wathyoka." Foni n'kuzima.

Esinati anauza bambo ake nthawi yomweyo. Amuna a m'mudzi malowo ankawadziwa, koma munthu wokakamira m'mphepete mwa phompho satoledwa ndi manja. Pankafunika zingwe ndi machira a anthu opulumutsa a kuboma. A Likaka anathamangira ku ofesi ya zankhalango kumene kunkagwira ntchito Mayi Kalua, amene onyamula katundu ankawanena kuti ngakhale moni amafuna ayambe walembedwa. Mayiwo anaimba kuboma. Kumeneko anayankha kuti, "Kwawabwana? Pamapu athu palibe zimenezo. Phirilo lili ndi misewu mbali zonse, tilowere uti?" Mayi Kalua anayala mapu patebulo, nawafunsa a Likaka mitsinje imene munthu amawoloka popita kumeneko. Anatsatira ndi chala mpaka chinaima. "Lembani bwino," anatero pafoni. "Mpata wa Kum'mawa." Galimoto inalowera msewu woyenera, dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Popanda dzina limenelo, bwenzi akuzungulira phiri mpaka mawa lake.

Pokwera, gulu la opulumutsa ndi a Likaka linatsatidwa ndi Mayi Ndaziona, wodula udzu wa matsache, amene sanaitanidwe ndi munthu, ndipo m'moyo mwawo sanadikirepo kuitanidwa. Opulumutsawo anamukoka Fanuelo ndi zingwe bwinobwino. Koma mvula inakula, mtsinje wa m'munsi unadzaza, njira yotsikira n'kutsekeka. Mnyamatayo anali atanyowa kwa nthawi yaitali. Milomo inachita mbuu, kenako analeka ndi kunjenjemera komwe. Mkulu wa opulumutsawo ananong'oneza a Likaka kuti chimene chimuphe si mwendo, koma kuzizira.

Apa Mayi Ndaziona anakalipa. "Mwangoti kakasi ngati nkhuku zonyowa! Malemu bambo anga malo ano sankati Kwawa chani kaya Mpata chani. Ankati pa Msasa wa Alenje. Alenje amagona pamvula? Pali phanga pano, funani!" Iwo eni phangalo anali asanalionepo, ankangodziwa dzina. Anthu anabalalika, ndipo kuseri kwa zitsamba analipezadi, louma, muli ndi nkhuni zimene wina anasiya kale. Anakoleza moto. Patapita nthawi Fanuelo anatsegula maso, nati ndi mawu otsika, "Chonde, apongozi asamve." Apongoziwo n'kuti atamufukata mapazi pachifuwa pawo kuti afunde. Phanga lonse linafa nacho chiseko, a Likaka akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Mvula itakata anatsika naye. Mwendo anauika chikhakha, unapola. Esinati anachira bwino, kunabadwa mwana wamkazi, ndipo bambo ake analipo kumunyamula. A Likaka chimwemwe chinawasefukira, mluzu unkamveka mpaka kuchigayo. Analonjeza pamaso pa anthu kuti pathanthwe lija, pamene panalibe chikwangwani chiyambire, akaikapo chawo, cha thabwa losankha, chikhale chithokozo chawo. Akuluakulu a zankhalango anavomera.

Tsiku loti adinde dzina, atatu aja anafika pakhonde pawo ngati apangana.

Jailosi ndiye anayamba. "Madala, dzina labwino ndi limene limakuuza chochita. Munthu akawerenga Kwawabwana amaseka, kenako amagwada. Mayina enawa anathandiza munthu wogwa kale. Langali limathandiza asanagwe."

Mayi Kalua anakonza magalasi awo. "Bambo Likaka, dzina la a Jailosi n'lokoma pocheza, inenso limandiseketsa. Koma chikwangwani si macheza. Mlendo wochokera kutali akavulala adzawerenga chimene mwalembacho pafoni, ndipo womvayo adzachifuna pamapu. Akapanda kuchipeza, mlendoyo sadzakhala ndi apongozi othamangira ku ofesi kwanga."

Mayi Ndaziona sanadikire n'kuti amalize. "Inu nonse mayina anu ndi a dzulodzuloli. Lanu, Jailosi, mumalitchula tsiku ndi tsiku, silingafe. La amayiwa lili pamapu, chiswe chokha ndiye chingalidye. Langali latsala m'kamwa mwanga mokha. Ndikafa ine, phanga lija latsekeka, ngakhale likhale pompo."

A Likaka anakanda m'mutu. Anaitana mkamwini wawo, amene anabwera akutsimphina n'kukhala pansi chapatali monga mwa ulemu. "Bambo a mwana, amene munagwa ndinu. Tilembe liti?" Fanuelo anayang'ana pansi. "Bambo, ine atatu onsewa ndi makolo anga tsopano. Ndikatchula mmodzi, kwa enawo ndidzadutsa bwanji?" Esinati, mwana ali kubere, anangoti, "Ababa, musandiyang'ane ine."

Ndikudziwa, wina mwa inu wayamba kale kumwetulira, akuti nkhani yake yachepa, alembe onse atatu. Mukuganiza kuti a Likaka anali mwana? Pathanthwe paja pamawomba mphepo yoti thabwa lalikulu silingathe sabata, limakadzuka lili kuphompho. Limene limapirira ndi kathabwa kopapatiza ngati chikhatho. Ndipo mu nkhungu munthu amaona zilembo zikuluzikulu zokha. Mukapanikiza mayina atatu, sawerenga ndi limodzi lomwe. Zikwangwani zitatu nazo a zankhalango anakana, ati phiri si msika. Thabwa limodzi, dzina limodzi.

A Likaka sanakwiye, sanadandaulenso. Anayang'ana mdzukulu wawo, anayang'ana atatu aja, mtima uli mbee, poti onse anali anthu amene anawabwezera mwana m'nyumba. Chinkawalemera n'chimodzi: tsiku lina pathanthwe paja padzafika mkamwini wa munthu wina, yekha, mu nkhungu, ndipo adzapeza mawu okhawo amene dzanja lawo lidinde lero. Anaika thabwa pamiyendo. Chitsulo chinali chitafiira pamakala.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, chitsulocho chikanakhala m'dzanja lanu, mukanadinda liti: dzina lomugwaditsa munthu asanagwe, dzina loti omufuna amupeze, kapena dzina lomuuza kuti pafupi pali pobisala?