Chithunzi Chimene Chidatsala Pachitseko

Che Amidu Matola adafika pamzikiti Lachitatu itangotha swala ya masana, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti anyamuke ulendo wa ku Makka. Galimoto adaiimika pamene aliyense angaione. Adawapeza Shehe Twaibu Nkomba atakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, akusoka mkeka wong'ambika umene anthu amaswalirapo.

Che Matola adali mwini sitolo yaikulu ya simenti ndi malata pa Balaka. Adali munthu wopatsa ndithu, koma kupatsa kwake kunkafuna mboni. Monga achitira onse opita ku Haji, sabata imeneyo ankayenda khomo ndi khomo kutsazika ndi kupempha chikhululuko kwa abale ndi anansi. Khomo limodzi lokha adalilumpha, la Sumani Kaisi.

Sumani adasunga makiyi a nyumba ya katundu ya Che Matola zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku lina matumba makumi anayi a simenti atasowa, abwanawo adamuchotsa ntchito pomwepo, osamufunsa ngakhale mawu amodzi. Adamata chithunzi chake pachitseko cha sitolo, pansi pake nalemba zilembo zikuluzikulu kuti munthu uyu sagwiranso ntchito pano, mumusamale. Patapita miyezi iwiri zidadziwika kuti simentiyo adanyamula ndi mlamu wawo wa Che Matola, ataloledwa ndi mayi a kunyumba. Sumani adakasuma ku khoti loona za ntchito, ndipo khotilo lidagamula kuti adachotsedwa popanda chifukwa, komanso osamva mbali yake. Popeza awiriwo sakadathanso kugwirira ntchito limodzi, lidalamula chipukuta misozi. Che Matola adalipira zonse kudzera kwa loya, nkhope ya Sumani osaiona.

Atapatsana salamu, Che Matola adatulutsa pepala m'thumba la mkanjo. Adafotokoza kuti mayi a kunyumba akuwasowetsa mtendere, akuti asakwere ndege asanakapepese kwa Sumani. Iwo zimenezo zinkawawawa. Munthu wolemba anthu ntchito makumi atatu akagwade kwa wantchito amene adamukokera kukhoti?

"Shehe, pepala ili likuchitira umboni kuti ndidalipira mpaka tambala yomaliza," adatero. "Ndabwera kuti mundiuze kuti nkhaniyi idatha, kenako mundichitire duwa, mundipempherere ulendo."

Shehe adabaya singano pamkeka, nalandira pepalalo ndi manja awiri. Adaliwerenga lonse mosathamanga, mpaka chidindo cha pansi. Adati khoti lidaweruza bwino, ndipo Che Matola adachita bwino kulipira osazengereza, pakuti alipo ambiri amene amazunguza wosauka ndi mawa mawa mpaka atatopa. Che Matola adakhazika mtima pansi, nayamba kumwetulira.

Kenako Shehe adafunsa kuti Sumani akugwira ntchito kuti masiku ano.

Che Matola adati sakudziwa. Limenelo lidali bodza, ndipo iwo eni adalimva kulemera kwake lisanathe kutuluka pakamwa. Kangapo konse adamudutsa pamsewu wa ku Liwonde akupalasa njinga ya kabaza, munthu wa imvi, thukuta lili kamukamu, ndipo nthawi zonse Che Matola ankayang'ana kumbali.

Shehe sadawatsutse. Adangonena kuti Sumani adakafunsira ntchito m'masitolo atatu, ndipo konseko adamubweza. Eni masitolowo chigamulo cha khoti sadachiwerenge, koma chithunzi adachiona.

"Dzulo ndidapita kusitolo kwanu kukagula misomali," adatero Shehe. "Chithunzi chija chikadali pachitseko. Dzuwa lachifufutsa, koma nkhope ikuzindikirika, ndipo mawu akuwerengeka. Mwana wamkazi wa Sumani amadutsa pomwepo popita kumadrasa."

Che Matola adachita manyazi kwambiri. Iwo ankalowera khomo la kuseri, kumene amaimika galimoto, ndipo chitseko cha kumaso adali asanachiyang'ane chaka chathunthu. Komabe kudzikuza sikufa tsiku limodzi. Adati madzi akatayika saoleka, zimene anthu adamva adamva. Adatulutsa foni nanena kuti auza mmodzi wa antchito achimatule tsopano lino, ndipo ngati n'kofunika awonjezera ndalama ina pamwamba pa ya khoti.

Shehe adatambasula dzanja, nawapempha mwaulemu kuti abweze foniyo m'thumba.

"Che Matola, ndiloleni ndifunse. Chithunzicho adamata ndani?"

"Ndidamata ndine."

"Nthawi yanji?"

"Masana, Loweruka." Mawu adatsika. "Sitolo itadzaza anthu."

Shehe adapinda pepala lija bwinobwino, nalibweza kwa mwini wake. Adavula magalasi, nawayang'ana Che Matola m'maso ndi chisoni, ngati munthu woyang'ana m'bale wake wodwala.

"Khoti lidamubwezera Sumani malipiro, chifukwa ndi zimene khoti lingathe kuwerenga," adatero. "Dzina lake lili ndi inu, ndipo dzina satumira loya. Loweruka likubwerali, sitolo ikadzaza, mukamatule chithunzicho ndi manja omwe adachimatawo, ndipo munene mokweza kuti munthu uyu sadabe. Mukatero mupite kwawo wapansi. Zimene mwamulakwira Allah, Iye amakhululuka mukamupempha, koma zimene mudamulakwira Sumani, Allah adazisiya m'manja mwa Sumani. Duwa ya ulendo ndidzakupempherani ndi mtima wonse mukachoka kumeneko. Tikiti yanu ikuti mudzera ku Lilongwe, koma njira yanu ya ku Makka ikuyambira pakhomo pa Sumani."