Injini pa Chitsime Chowawasa

Pa 14 Okutobala 2007 magetsi anazima ku Empumalanga, komboni ya m'tauni ya migodi ya malasha, ndipo anatha masiku asanu ndi anayi osayaka. Mapampu ataima, mipopi inauma. Bambo Tobiasi Mwale ankadziwa pamene panali madzi abwino, koma anali atamanga pakamwa kuyambira mu Malichi.

Mwezi umenewo boma linatumiza ndalama kuti tauni ikonzekere kuzima kwa magetsi. Gawo la Empumalanga linali injini imodzi ya dizilo yopopera madzi pachitsime. A Tobiasi, amene anagwira ntchito ya mapampu kumgodi wa malasha zaka 26, anachita kusita jekete podikira kutsogolera komiti. Koma anthu anasankha a Osmani Twaha, mwini golosale, poti Chindebele ndi Chinambya, zinenero za kumeneko, zinkawatuluka mosavuta pamaso pa akuluakulu.

Mtima wa a Tobiasi unachita dzimbiri. Zitsime zakale zinalipo ziwiri, ndipo anazitseka ndi konkire iwo omwe mu 1984. Cha kumsika madzi ake amadutsa m'miyala ya malasha, n'kuwawasa. Cha kuseri kwa tchalitchi n'cha madzi okoma.

A Osmani anafika pakhomo pa a Tobiasi, nakhala pampando waufupi.

"Achimwene, pansi pa tauni ino mumapadziwa ndinu. Injiniyi tiike pati?"

"Ine ndine wa mapaipi chabe, a tcheyamani. Kafunseni sikelo yanu ya shuga."

Chaka chimenecho ndalama inkasungunuka ngati mchere m'madzi. Komiti sikanatha kudikira woyeza madzi wochokera ku Bulawayo, choncho inamangirira injini pachitsime cha kumsika, poti chinali pakati pa anthu. A Tobiasi anaonerera simenti ikuuma, nabwerera kwawo akuimba mluzu.

Magetsi atazima, injini inalira bwino lomwe. Madzi anatuluka achikasu, onunkha ngati mazira owola, oti ngakhale mbuzi inkangonunkhiza n'kuchoka. Amayi anayamba kutunga kumtsinje, ulendo wa maola awiri padzuwa loswa mtengo. Tsiku lachisanu mayi Esnath, akazi a a Tobiasi, anaterereka pamwala ndowa ili pamutu, nathyoka fupa la m'chiuno. Amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala ndi a Osmani, pagalimoto yawo yopikulira katundu.

Ali gone pabedi, mayiwo anayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"Abambo, paja munandiuza kalekale kuti chabwino n'cha kutchalitchi. Ine ndimayesa munawauza anzanu aja."

A Tobiasi anangoyang'ana nsapato zawo.

M'mawa mwake anakaulula za chitsime cha kutchalitchi kwa a Osmani, amene anamvetsera osanena mawu oipa. Koma kusamutsa injini kunkafuna mapaipi ndi simenti ina, ndipo ndalama ija inali itatha. Magetsi atayaka ankazimabe pafupipafupi, choncho ulendo wa kumtsinje sunathe. Anthu a m'komboni akamaona mayi Esnath akuyendera ndodo, amuna awo atasenza chigubu pambuyo, ankangoti choipa chitsata mwini.

Kalata yopempha thandizo lina inatumizidwa pa 6 Novembala. Chaka cha 2009 chinatha yankho lisanabwere, injini ikadali pachitsime cha kumsika.