Dzina la Apongozi Linatsala Pachulu

Dyson anali mkamwini ku Zingalume, koma khasu ankangolidziwa dzina. Ntchito yake inali kulemba mapulogalamu a pakompyuta, imene apongozi ake aakazi, a Malita, ankaitcha kugogoda mbale. Mayiwo anali atauza kale mwana wawo Takondwa kuti mvula ikagwa mwamunayo asanaonetse phindu lake, amange katundu.

Mwayi unabwera pamene gulu la alimi a mtedza, limene a Malita anali wapampando wake, linafuna pulogalamu ya mu ofesi yosunga mayina a olandira mbewu. Dyson anayamba kuyerekeza zilankhulo zolembera mapulogalamu. Lero Java, mawa C#, mkuja Python. Atakhazikika pa Python, mutu unaimanso pa nkhani ya posungira mayinawo: SQLite imene imakhala m'kompyuta momwemo, kapena MySQL ya pa seva, kompyuta ina yakutali yofuna intaneti.

Mnzake Osward, wophunzitsa makompyuta ku boma, anamulangiza.

"Achimwene, kwanuku netiweki imagwira pachulu pokha. Tengani SQLite basi."

"Nanga kompyuta ikabedwa?"

"Ndiye tengani seva, muzikwera chulu."

"Ndigwira zonse ziwiri," anatero Dyson monyada. "Netiweki ikapezeka, dzina lipite ku seva. Ikasowa, likhale m'kompyuta."

Anachitadi zomwezo, koma zoti nkhokwe ziwirizo zizigawana zimene zasunga, anati adzaona mawa.

Alimi onse anawalembera mu ofesi, mopanda netiweki. Atafika a Malita, Dyson anachita mwaulemu wa mkamwini: sakanakhala nawo maso ndi maso, choncho ananyamula laputopu n'kukakhala patali, pachulu, Takondwa akumufuulira zofunika kulemba. Dzina la apongozi linapita lokha ku seva.

Tsiku logawa mbewu, wapampando ndiye anali woyamba. Dyson anafufuza dzina mu ofesimo, thukuta lili kamukamu. Dzinalo silinapezeke.

"Uwauze amayi kuti dzina lawo mulibe," Dyson ananong'oneza mkazi wake.

"Ati mulibemo, amayi."

"Uwafunse," anatero a Malita mofatsa, "ngati ndinamwalira osandiuza."

Dyson anathamangira pachulu, anthu ali pambuyo. Kumeneko dzina la a Malita linatuluka bwinobwino, koma alimi ena onse anasowa. Anatsika, alimi anabwerera, apongozi n'kusowanso. Mdala wina wa ku Zemba anapempha kuti amusiye m'munsi momwemo, popeza mawondo ake sangalole kufa ndi kuuka kachiwiri.

Akukwera chulu kachitatu, mvula yoyamba inayamba kugwa, mvula yomwe ija a Malita anaitchula. Dyson anavula malaya n'kukulunga laputopu, n'kuima pamwamba pachulupo ali chifuwa pamtunda, pamaso pa apongozi. A Malita anayang'ana kumbali, nayamba kugawa mbewu poitana mayina a anthu pamtima.

Atafika kunyumba, Dyson anapeza pakhomo pali khasu la mpini watsopano, pambali pake chikwama chake chomangamanga.

"Amayi ati musankhe chimodzi," anatero Takondwa, akubisa kuseka. "Ati zonse ziwiri ayi."

M'mawa mwake anthu anamuona Dyson m'munda wa apongozi, mizere ili yokhotakhota, matuza ali m'manja. Pulogalamu anaikonza pambuyo pake, ya SQLite yokha. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.