Malaputopu Awiri a Che Sufiyani

Pa khonde lina kufupi ndi msika wa Liwonde pankakhala telala, dzina lawo Che Sufiyani. Anali bambo wa mwana mmodzi, waluso pa nsalu moti mkanjo wosoka iwo unkadziwika ngakhale uli pa chingwe. Koma mbiri yawo yaikulu sinachokere pa singano. Dzuwa likapendeka, ankaphimba makina osokera ndi chitenje, n'kutulutsa laputopu yakale m'chikwama, n'kuyamba kusewera magemu. Pa magemu othamangitsa magalimoto, kuyambira ku Ntaja mpaka pa mlatho wa Shire, analibe mnzawo. Zala zomwe zinkalowetsa ulusi pa singano osayang'ana ndi zomwezo zinkavina pa mabatani.

Okonda magemu a m'maboma a Machinga ndi Balaka anali ndi gulu lawo pa foni. Gemu yatsopano ikatuluka, palibe ankayamba kuiyamikira kapena kuinyoza asanamve uthenga wa mawu wa Che Sufiyani.

"Ya mpira ya chaka chinoyi musaonongere bandulo," ankatero, mawu ali phee ngati woweruza. "Ndi ya chaka chatha yomwe ija, angoisokera kolala yatsopano. Ya malole ija ndi yabwino kwa munthu woleza mtima, koma inu a magazi otentha mugona pa chiwongolero. Koma iyi ya magalimoto a m'matope, abale anga, iyi ndiye gemu. Mvula ikagwa, msewu umaterera zenizeni ngati njira za kwathu mu Januwale. Ukaponda buleki ndi mantha, wapita m'ngalande."

Chimene sananene m'uthengamo n'chakuti gemu ya matopeyo inkazunza laputopu yawo. Akangoiyatsa, fani ya m'kati inkalira ngati chigayo, zithunzi n'kumayenda modukiza ngati munthu wotsimphina. Tsono gulu lija linapangana kuti Lamulungu lomaliza la mwezi kudzakhale mpikisano wa gemu yomweyo mu holo ya sukulu ina ku Balaka: anthu asanu a ku Machinga, asanu a ku Balaka, aliyense ndi makina ake. Mtsogoleri wa ku Machinga anali Che Sufiyani. Dolo wa ku Balaka anali a Blasius a ku Nkaya, wogwira ntchito ya njanji, munthu wosalankhulalankhula amene kwa zaka zitatu ankangothera pa nambala yachiwiri.

Akazi awo a Che Sufiyani, Ayisha, anaona mmene amuna awo ankavutikira mumtima. Nyengo yosoka mayunifolomu a sukulu itatha, anawauza okha kuti, "Bambo a Zaina, mwagwira ntchito mpaka msana kupindika. Simusuta, simuyendayenda, chosangalatsa chanu ndi chomwechi. Kaguleni laputopu ina."

Lachinayi Che Sufiyani anapita ku shopu ya mayi Dorica, amene ankagulitsa makompyuta ogwirapo kale ntchito komweko ku Liwonde. Mayiwo anatulutsa laputopu yakuda, yolemera, yokandika pa chivindikiro. Che Sufiyani anaiyang'ana ndi diso la m'mbali, n'kuikamo gemu ya matope ija. Anasewera ola lathunthu. Galimoto inkayenda myaa, osadukiza ngakhale kamodzi, ndipo atagwira kunsi kwa laputopuyo anapeza kuli zii. Mtima wawo unagunda, koma nkhope anaiumitsa.

"Siyoipa," anatero. "Koma kukandikaku bwanji?"

"Atelala, mukufuna yosewerera kapena yodziyang'anirapo nkhope?" anaseka mayi Dorica. "Zotere sizibwera kawirikawiri. Chifukwa ndinu kasitomala wanga, ndikusungirani mpaka Loweruka 12 koloko. Ikadutsa pamenepo, wobwera ndi ndalama watenga."

Ndalama anali nazo m'thumba tsiku lomwelo. Koma Che Sufiyani ankakhulupirira kuti kugula chinthu choyamba kuchiona ndi khalidwe la anthu osadziwa. Munthu amene maboma awiri amadikira mawu ake angalowe shopu imodzi n'kutuluka atanyamula katundu ngati wogula tomato?

Lachisanu, akutuluka mu mzikiti, foni inalira. Anali Uladi, wamalonda wa ku Balaka, amene anamva kuti katswiri akusaka makina. Anatumiza chithunzi cha laputopu yoonda, yonyezimira ngati siliva, mabatani ake oyaka mofiira ndi mobiriwira. Che Sufiyani anaima pakati pa msewu akuchiyang'ana mpaka wa kabaza anawaimbira belu.

Loweruka m'mawa akuvala nsapato, Ayisha anaima pakhomo.

"Mwati ya kwa mayi Dorica munaiyesa ndipo ili bwino. Bwanji osakaitenga kaye?"

"Iyayi, mayi a Zaina. Zinthu izi zimafuna kufananiza. Ku Balaka ndi pafupi, 12 koloko isanakwane ndikhala nditabwera."

"Nanga mukaikonda ya kumeneko?"

"Ndikaona konko."

Ku shopu ya Uladi, pafupi ndi depoti, anawalandira ngati bwana. Anawapatsa mpando, anawagulira chakumwa chozizira, anyamata a m'mashopu oyandikana n'kubwera kudzaonerera katswiri wa ku Liwonde akuyesa makina. Laputopu ya siliva ija sinawanamize. Pa sikirini yake matope ankachita kuoneka kunyowa, madontho a mvula ankatsetsereka pa galasi la galimoto ngati ungawapukute ndi chala. Che Sufiyani anakhota makona mwaukadaulo, anyamata aja n'kumakuwa. Patapita theka la ola anagwira kunsi, n'kupeza kukufunda.

"Ikutentha iyi," anatero.

"Yamphamvu iliyonse imafunda, achimwene," anayankha Uladi. "Muziiika pa thabwa, osati pa matilesi. Wallahi, simudzadandaula. Koma ndinene chilungamo: pali aphunzitsi ena a ku Utale akubwera 2 koloko, nawonso akuifuna. Mukatenga pano, ndiwaimbira kuti yapita."

"Musandithamangitse, Uladi. Ine sindigula mothamangitsidwa."

Anatuluka panja, mtima uli pawiri. Akaganiza za yakuda, maso ankafuna ya siliva. Akaganiza za ya siliva, dzanja linkakumbuka kuzizira kwa yakuda. Koma kukoma kokhala munthu amene amalonda awiri akumudikira kunawakwera m'mutu. Anatulutsa foni n'kujambula uthenga wopita ku gulu lija.

"Abale anga, ndayesa makina awiri. Ya kwa mayi Dorica ku Liwonde ndi bulu wa katundu: yakuda, yolemera, yokandika, koma gemu ya matope imaimeza osatafuna, ndipo situluka thukuta. Andisungira mpaka 12 koloko lero. Ya kwa Uladi kuno ku Balaka ndi mkwatibwi: kukongola kwake kumakuiwalitsa kuti uli pa mpikisano, kungoti imafunda pang'ono. Ndikuuzani madzulo amene wapambana."

Kenako anauza Uladi kuti akupita kukaonanso kaye inzake ija kachiwiri, mtima ukakhazikike. Nthawi inali itangodutsa 11 koloko.

Minibasi imene anakwera inali ndi anthu anayi okha. Kondakitala ankangoti, "Tikunyamuka pompano, akulu," injini ikulira, galimoto osasuntha. Itatsala pang'ono 12, foni inalira: mayi Dorica. Che Sufiyani anaiyang'ana n'kuibwezera m'thumba. Anadziuza kuti wamalonda akadziwa kuti katundu wake ukumulakalaka, sakuchotsera mtengo. Inaliranso kachiwiri ndi kachitatu, iwo osayankha. Minibasi itanyamuka, inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo pa mphambano ya ku Mangochi inakhala nthawi yaitali akukweza matumba a makala. Anawoloka mlatho wa Shire 1 koloko itadutsa kale.

Mayi Dorica anawaona akubwera chapatali, n'kupukusa mutu.

"Atelala, ndakuimbirani katatu."

"Ndinali m'galimoto, amayi. Tulutsani ija ndiionenso."

"Yapita. Bambo wina anafika kuno 12 isanakwane. Ndinamuuza kuti ndasungira munthu, iye anati palibe vuto, adikira. Anakhala pa benchi apo osandikakamiza. 12 itakwana, ndinawonjezera ola lina chifukwa cha ulemu wanu. Nanga ndikanatani?"

"Ndani ameneyo?"

"A Blasius, a ku njanji aja. Akuti anali pa siteshoni pompano pa ntchito, ndiye anamva uthenga wanu pa foni. Akuti chinthu chimene Che Sufiyani achiyamikira sichifuna kuyesanso."

  Che Sufiyani anatuluka mothamanga, akuimbira Uladi, koma foni yake inkangoitana. Minibasi sanaifunenso; anakwera njinga yamoto ya kabaza n'kuuza mwini wake kuti aithamangitse. Kumadzulo kunali kutada bii. Atangodutsa mphambano ija, mvula inatsika ngati yatumidwa. Panalibe pobisala, ndipo iwo sanalole kuima. Anafika ku Balaka 3 koloko ili pafupi, malaya atamatirira pathupi, madzi akutuluka m'nsapato.

Uladi anatambasula manja. "Pepani, achimwene. Aphunzitsi aja anafika 2 koloko yeniyeni. Foni inali pa chaja kuseri. Ndinakuuzanitu."

Pa tebulo pamene panali laputopu ya siliva panali katoni yopanda kanthu. Anyamata amene ankawakuwira m'mawa uja anayang'ana kumbali.

Kunyumba, Ayisha anawalandira pakhomo. Chikwama chopanda katundu chinanena zonse. Anawapatsa thaulo ndi tiyi wa jinja, n'kukhala pambali pawo.

"Mawa mupitabe?" anafunsa patapita kanthawi.

"Ndipita. Anthu anayi akudalira ine. Kulakwa ndalakwa ndekha, sindingawasiye pa msewu."

Lamulungu holo inadzaza. Nkhani inali itafika kale aliyense, moti Che Sufiyani atatulutsa laputopu yawo yakale, ena anatsinana. Iwo anakhala pansi mutu uli m'mwamba. Anachotsa zokongoletsa zonse za m'gemu kuti makinawo apepukidwe, mpaka mitengo ya m'mbali mwa msewu inkaoneka ngati timitengo ta machesi. Ndipo anayendetsa. Msewu ankaudziwa pamtima. Pamene chithunzi chadukiza, zala zinkakhota zokha. Anagonjetsa woyamba wa ku Balaka, anagonjetsa wachiwiri. Otsinana aja anayamba kuimirira. Pomaliza anatsala awiri: iwo ndi a Blasius, amene anakhala moyang'anana nawo, laputopu yakuda yokandika ili patsogolo pawo.

Anazungulira kanayi Che Sufiyani ali patsogolo. A ku Machinga ankamenya madesiki, akuitana dzina lawo. Fani ya laputopu yakale inkalira mpaka kumveka kumbuyo kwa holo. Pa ulendo wachisanu, womaliza, mvula ya m'gemu inayamba. Akufika pa kona yotsiriza, chithunzi chinaima nji. Chinaima kanthawi kongokwanira munthu kupuma kamodzi. Pamene chinkabwerera, galimoto yawo inali chagada m'ngalande, ya a Blasius ikudutsa mzere.

Chikho chinatsala ku Balaka. A Blasius sanadumphe kapena kukuwa. Anadzuka, n'kuzungulira tebulo, n'kupereka dzanja.

"Akulu, zonse munanena za makinawa n'zoona. Mukanakhala nawo inu, ine sindikanakuonani n'komwe."

Che Sufiyani anaimirira n'kugwira dzanjalo mwamphamvu. "Mwapambana bwino, a Blasius. Munadziwa chimene mukufuna." Holo yonse inawomba m'manja, ndipo ambiri ankawombera munthu amene anatsogolera kanayi ndi makina otsimphina.

Pobwerera, asanu a ku Machinga anakwera minibasi imodzi mpaka kuwoloka mlatho. Pamenepo Sadiki, mnzawo wa m'timu amene ankawotcherera zitsulo ku Ntaja, analephera kupirira.

"Che Sufiyani, tiuzeni chilungamo. Pa awiri aja, yabwino inali iti?"

Iwo anayang'ana chikwama chimene chinali pa miyendo pawo, chikadafundabe.

"Onse awiri anali abwino, Sadiki," anatero. "Iliyonse ikanatibweretsera chikho."

Luso anali nalo, ndalama anali nazo, ndipo makomo awiri anawatsegukira tsiku limodzi. Chimene chinawasowa ndi mtima woti alowe pa khomo limodzi n'kutseka. Akuluakulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.