Kiyi wa Mkwapatira

Kalekale, tauni ya m'chigwa ija isanasanduke bwinja, kunali munthu wina dzina lake Mkwapatira, agogo awo a bambo anga. Inu mumangoona chumuni cha fakitale ya thonje ndi zipupa zomera udzu. Komatu inali tauni imeneyo: sitolo za amwenye, msika, doko la mabwato, ndi madimba mpaka kumtsinje.

Padokopo panali mlambe wosemedwa zizindikiro zitatu ndi nkhwangwa. Madzi akafika pachachiwiri, aliyense ankatenga ana ndi mbuzi n'kukwera kumtunda kuno. Nyumba yaudzu ukaisiya, wataya chiyani?

Koma Mkwapatira anaumba njerwa, naziwotcha, namanga nyumba yamalata, mawindo azitsulo, chitseko cha mbawa. Anali wamakani munthu ameneyo, ndikunena ine wamagazi ake.

Chaka china madzi anafika pachizindikiro chachiwiri. Mkazi wake, Nangondo, anamanga katundu.

"Bambo a Ndaziona, anzathu onse akwera."

"Akwere. Njerwa yowotcha sisungunuka."

"Nanga anawa ndi njerwa?"

Kutacha Mkwapatira anafuna kubwera kumtunda kuno kudzasulitsa khasu. Anadziwa kuti akangotembenuka mkaziyo athawa ndi ana, anthu n'kumaseka kuti nyumba yanjerwa yathawidwa ngati chisakasa. Ndiye anakoka chitseko, nakhoma loko chakunja, kiyi n'kuponya m'thumba. M'katimo munali Nangondo ndi ana awiri. Ndaziona yekha, agogo anga, anali atakwatiwa kale kumtunda.

Kuno dzuwa linali kuswa mtengo. Mvula inagwa kumapiri uko, kumene maso safika. Masana mtsinje unabwera utasenza mitengo ndi ng'ombe zakufa, unalowa mumsika, unalowa m'masitolo. Mkwapatira anathamanga, anthu namugwira paja pathera mtunda. Anaima pamenepo, kiyi ali m'manja, akuona malata ake akumira.

Madzi ataphwa, nyumba inali chiimire. Sananametu, njerwa sinasungunuke. Loko nayenso anali chikhomere. Anatsekula yekha, ndipo zimene anapeza m'katimo sindinena pali ana. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Sanagonenso m'nyumba yachitseko mpaka kufa kwake. Anthu anasamuka, tauni inatha.

Mwamva kodi? N'chifukwa chake ife timalima kuchigwa koma kugona kumtunda. Ndipo pabanja lathu lino, ngakhale mwana alakwe chotani, ngakhale mkwiyo ufike pakhosi, sitikhoma chitseko chakunja m'nyumba muli munthu.