Madzi a Pamjigo m'Timabotolo ta Fainala

Feliya sankakhala pansi m'golosale ya amuna ake, a Moffat, pa Mtunthama. Mwana wawo Favour kumsana, maso pafiriji. M'firijimo munali bokosi la mkulu wake Fainala, wofufuza za matenda a fodya, yemwe anaima kudzatsanzika paulendo wopita kunja.

M'bokosimo munali timabotolo tiwiritiwiri. Fainala analongosola kuti kamodzi kali ndi mapuloteni a m'tsamba la fodya, tinthu tosaoneka ndi maso, tikusambira m'madzi osakaniza mwapadera. Kunjako kuli makina olasa madziwo ndi kuwala kwa ekisire, konga kojambulira mafupa kuchipatala. Poona mmene kuwalako kwamwazikira, akatswiri amadziwa maonekedwe a tinthuto, ngati tagwirana kapena ayi.

"Kanzakeka ndi madzi omwewo opanda puloteni," anatero. "Makina amayeza tonse n'kuchotsera, monga mmene mumachotsera kulemera kwa chiguduli poyeza belo la fodya. Mpata wanga pamakinapo ndi umodzi chaka chino. Alamu, manja m'thumba!"

Fainala atangopita kukaona amayi ku Kaluluma, a Moffat anavundukula bokosi. Anatsegula kabotolo ka madzi okhaokha, kununkhiza, kenako kulawa.

"Bambo a Favour, mwayamba kudya za eni?" anafunsa Feliya.

"Ptu! Mchere wokhawokha! Madzi awa asasa. Mlamu wanga akachite manyazi pamaso pa azungu ine ndilipo?"

"Tamuimbirani kaye, foni ndi iyi."

"Ndifunse za madzi? Ine wothirira nazale chibadwire?"

Feliya anangoonerera a Moffat akukhuthula timabotolo tonse ta madzi okhaokha, kutitsuka bwinobwino, n'kudzazamo madzi a pamjigo, oyera mbee. Tsiku lonyamuka Fainala, Feliya anati atsegule pakamwa kuti aulule, a Moffat n'kumuponyera diso. Anangomutsanzika mkulu wakeyo.

Patapita masiku foni inalira, a Moffat ali pakhonde ndi anzawo a bawo. Anaikweza mawu kuti onse amve mlamu wawo akuwathokoza.

"Alamu," anatero Fainala, mawu ali zii, "makina akuti puloteni yanga ilibe mutu, ilibe mchira. Mpata wanga watha. Munathiramo chiyani?"

"Abwino, mlamu! A pamjigo wa kutchalitchi!"

Pakhonde pano anthu anagwa nacho chiseko, wina mpaka kutaya nkhomo za bawo.

Fainala anadikira chaka china. Atabweranso ndi bokosi latsopano, anapsompsona mwana, kupereka moni mwaulemu, n'kuwoloka msewu kukalisungitsa m'firiji ya a Samsoni ogulitsa nyama, omwe a Moffat salankhulana nawo. A Moffat, omwe tsopano pa Mtunthama ponse amawatchula Dokotala wa Mjigo, anayamba kupukuta sikelo yopukutapukuta kale.

Feliya anakonza mbereko n'kuyang'ana kumbali kuti kumwetulira kusaoneke. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.