Penti Wobiriwira pa Makina a Malemu

Panali bambo wina amene ankakhala pa kamsika kena m'mbali mwa njanji. Ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Anzake pobwerera ankanyamula njinga, mabulangete ndi mawailesi. Iye anabwera ndi chinthu chimene anthu a pamalopo anali asanachionepo, makina osewerera otchedwa pinibolo. Linali bokosi lalitali la miyendo inayi, lokhala ndi galasi pamwamba. Mkati mwake munkathamanga kampira kachitsulo. Wosewera ankagwira bokosilo ndi manja onse awiri, n'kumadina mabatani kuti timikono tiwiri tikankhe kampirako kasagwere m'dzenje. Kakagunda apa, nyali zinkathwanima. Kakagunda apo, belu linkalira. M'mbali mwa bokosilo munajambulidwa mahatchi othamanga.

Bamboyo anaika makinawo m'tiyirumu yake, ndipo kwa zaka zambiri anthu odikira sitima ankaiwala kuti sitima yachedwa.

Koma chinthu chimakalamba pamodzi ndi mwini wake. Kamkono kakumanzere kanafooka. Nyali zinayamba kuzima imodziimodzi. Tsiku lina belu linangoti zii. M'nyengo yomweyo bamboyo anayamba kudwala miyendo, ndipo anadwala zaka zitatu. Womusambitsa, womutembenuza pamphasa, womukweza panjinga kupita kuchipatala anali mwana wake wamwamuna, munthu woumba njerwa, wosapita patali ndi sukulu. Abale ena onse ankangotumiza moni.

Bamboyo atamwalira, abale anabwera. Anabwera pamagalimoto. Anabwera ndi nkhata zamaluwa ndi bokosi lamaliro lonyezimira. Maliro atatha anakhala pansi kuti aone katundu wa malemu, ndipo wotsogolera anali mng'ono wake wa malemuyo, a Kachingwe.

Katunduyo sanali wambiri: makapu, mabenchi awiri, ketulo. Atafika pa makina aja, a Kachingwe anati, "Ichi chipite kwa wogula zitsulo. Aphwanye, aike pasikelo, tigawane."

Mwana uja mtima unamuwawa. Anali atamva kuti ku Limbe kuli mmisiri wina wachikulire, a Mponda, amene amagula makina akale otere n'kuwakonza. Anapempha kuti awaitane kaye.

"Chabwino," anatero a Kachingwe. "Abwere Loweruka. Akakana, Lolemba chikupita kusikelo. Koma mbuzi sugulitsa ili ndi matope. Tenga penti uyu upake, chioneke chatsopano. Akakufunsa, unene kuti chimagwira bwinobwino, vuto ndi magetsi athu ozimazimawa."

Anamupatsa chitini cha penti wobiriwira, wotsala popaka zitseko za nyumba yawo.

Mwanayo anamvera. Anapaka mbali imodzi, mahatchi onse n'kumira. Atafika kutsogolo, pafupi ndi mabatani, anaima. Pamenepo thabwa linali litatha, losalala ndi lakuda, malo awiri ofanana ndi zikhatho za munthu. Anaikapo manja ake, ndipo anakwanira ndendende. Anakhala choncho nthawi yaitali, penti akudontha paburashi. Kenako anatseka chitini. Mbali inayo sanaikhudze.

Loweruka a Mponda anafika ndi kachikwama kawo ka zida. Asanakhale ndi pansi pomwe, anakweza mphuno.

"Mwapaka liti?"

"Timachisamalira, bwana," anatero a Kachingwe. "Chaka chilichonse penti."

A Mponda anagusa chala pabokosilo, n'kuchiona chili biriwiri. "Ndiye kuti chaka chanu chinayamba dzana. Nanga chimadwala chiyani?"

"Palibe. Magetsi okha basi."

A Mponda anatola kachikwama kawo. "Pepani, ndangoononga ulendo. Chinthu chosadwala ine ndilibe nacho ntchito. Ndipo chopakidwa penti dzana sindigula, chifukwa sindidziwa chimene chili pansi pake."

Mwana uja anaona njira ziwiri. Akakhala chete, Lolemba hamala idzalira pa makina a bambo ake. Akalankhula, achititsa manyazi bambo ake aang'ono pamaso pa mlendo, chinthu chimene mwana woleredwa sachita. Mlendoyo anali atafika kale pakhomo.

"Bambo, taimani," anatero mwanayo. "Chimadwala. Kamkono kakumanzere kanafa. Nyali zoyaka zinatsala zitatu. Makoswe anadya mawaya kumbuyoku. Mwendo uwu tinachita kuuchirikiza ndi njerwa. Chaka cha mvula yambiri denga linadontha, madzi analowa pakona apa. Penti ndapaka ndine, Lachinayi. Pansi pake pali mahatchi."

"Iwe mwana!" anakalipa a Kachingwe. "Watigwetsera mtengo!"

"Musiyeni," anatero a Mponda. "Ameneyu ndiye wandibweza."

Anaika kachikwama pansi, anachotsa galasi mosamala, n'kutukula thabwa losewererapo. Munatuluka fungo la fumbi ndi makoswe. Anaunika ndi tochi, akuyendetsa chala pamawaya. Pamene panayenera kukhala timalabala ta kufakitale, panali mphira wa chubu cha njinga, wodulidwa bwino mozungulira. Pena panali kasipuling'i kochokera m'bolopeni. Mawaya oduka anali omangidwa ndi ulusi wosokera matumba, ndipo pa waya uliwonse panali kapepala kolembedwa ndi pensulo, kosonyeza kumene wayawo ukupita.

"Anachita izi ndani?"

"Malemu."

"Anali ndi zida?"

"Mpeni ndi pulayala."

A Mponda anazimitsa tochi. "Munthu ameneyu sanachitaye chinthu chake. Anachigwiriziza ndi zimene anali nazo."

Mwanayo anatembenukira kukhoma, chifukwa misozi inali itabwera.

"Tsopano mverani mmene ndimaonera mtengo," anatero mmisiriyo. "Mawaya sandiopsa, ndilumikiza. Kamkono ndili nako kena. Galasi ndi lathunthu, ndipo ndilo limasowa. Mbali yosapakayi, yokalikakalika chonchi, ndiyo ya mtengo wapatali. Yopakayo ndichotserapo, chifukwa ndikhala milungu ndikupala pang'onopang'ono ndi kalezala, ndipo mahatchi ena sadzabweranso."

Anatchula mtengo. Unaposa wa pasikelo kanayi. "Mukanapanda kupaka ndikanaonjezera," anatero. A Kachingwe anayang'ana kunja ngati kuli wina wawaitana.

Akukweza makinawo pagalimoto ya a Mponda, mwanayo anafunsa motsitsa mawu, "Pamene patha ndi manjapa, mudzapalaponso?"

"Ayi, achimwene. Apa sindikhudza. Belu likadzalira ndidzakutumizirani uthenga, mudzabwere mudzaikepo manja anu."

Abale anga, fanizoli si lovuta. Makina aja ndi munthu. Mmisiri uja ndi Mulungu. Mulungu saopa kusweka kwathu. Waya woduka amaudziwa, kamkono kofooka amakadziwa, ndipo amaona ngakhale timaulusi timene munthu wosauka wadzimangirira kuti afike mawa. Zimenezo sazinyoza. Amaziwerengera pa mtengo wa munthuyo. Chimene chimamutembenuzira kukhomo ndi penti. Ukamuuza kuti, "Ine sindidwala," wamuuza kuti alibe nawe ntchito. Ukamuuza kuti, "Ndathyoka apa ndi apa, ndipo penapa ndaononga ndekha," amaika chikwama pansi.

Koma ife anthu amoyo timakonda burashi. Munthu adwala zaka zitatu, ife tili kutumiza moni. Afuna womutembenuza pamphasa, ife tatanganidwa. Afuna wokhala naye masana amodzi okha, kwatalika. Akangotseka maso, mseu umafupika. Mafuta a galimoto amapezeka. Timabwera ndi maluwa, timaima pamanda, n'kumati, "Anali mzati wathu, tinkamukonda." Ameneyo ndi penti, abale anga, ndipo akununkha. Mulungu akagusapo chala, chibwera chobiriwira. Simunamupake malemuyo kuti iye aoneke bwino. Munadzipaka nokha.

Sindikunena izi kuti wina atuluke muno ali woweramitsa mutu n'kukathera pomwepo. Mmisiri uja sanakane mbali yopakidwa. Anati adzapala, ngakhale zimutengere milungu. Nafenso angatipale, tikavomera kuti tinapaka ndife.

Aliyense wa inu ali ndi wake amene akuzima nyali imodziimodzi. Mukumudziwa dzina, ndipo njira yopita kwawo simunaiiwale. Musadikire uthenga wa maliro. Pitani sabata ino, iye akadali ndi makutu. Mukafika musamuuze kuti akuoneka bwino. Khalani pansi pafupi naye, mumufunse kuti, "Pakupweteka ndi pati?" Ndipo musanyamuke mpaka atamaliza kuyankha.